Kodi Mwana Wamasiye Aphunzire Kujambula?

Makolo ambiri a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, akamva kuti mwana wao afuna kudzagwira ntchito yothandiza ovutika mumtima mwa zojambula ndi nyimbo, amagwira pakamwa nati zimenezo n'zachibwana. Ena, anthu okoma mtima ndithu, amaonjeza kuti ndalama zogulira utoto ndi mapepala zikadagula ufa, pakuti mwana wanjala sadya chithunzi. Mau awa ngolemera, ndipo amene sadagonepo ndi njala asafulumire kuwatsutsa.

Komabe ufa suchiza nthenda zonse. M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy adagumula phiri la Soche, matope nakwirira nyumba za ku Chilobwe, ana opulumuka adalandira phala ndi zofunda m'misasa. Koma zimene adaona ndi maso ao zidatsala m'kati. Mwana wotere akafunsidwa amangoti duu, pakuti alibe mau okwanira chinthu chachikulu chonchi. Akapatsidwa pepala ndi khala, kawirikawiri dzanja limanena zimene lilime lakana, ndipo pamenepo munthu wodziwa apeza poyambira kucheza naye.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Davide ankaimbira zeze mfumu Saulo mzimu wake ukavutika, mfumuyo nipeza bwino. Mu 1942 Adrian Hill, mmisiri wa zojambula wa ku Mangalande, ndiye adaitcha dzina ntchitoyi, ataona kuti kujambula kudamlimbitsa mtima pamene ankadwala chifuwa chachikulu. Kuno kwathu Marie Da Silva, amene adataya abale ambiri ndi Edzi, adasandutsa nyumba ya makolo ake kufupi ndi Limbe kukhala sukulu ya ana amasiye ya Jacaranda mu 2002, naithandiza ndi malipiro ake a ulezi ku Los Angeles. Sadasankhe pakati pa phala ndi luso: ana adadya, adawerenga, adaimbanso ndi kujambula.

Eklezia amawerenga kusangalatsa achisoni pamodzi ndi kudyetsa anjala m'gulu la ntchito zachifundo. Tsono mnyamata kapena mtsikana wosankha njira imeneyi sakusewera ai. Koma luso la manja lokha silikwana. Ayenera kuphunzira za maganizo a munthu, kusunga chinsinsi, ndi kudziwa nthawi yotumiza wodwala kwa dotolo. Asamamasulire chithunzi cha mwana ngati woombeza ula. Afunse mwini wake, nadikire yankho ngakhale litachedwa masabata.

Chovuta china ndi malo. French Cultural Centre ya ku Chichiri itatsekedwa mu 2011, akuba adaisakaza, aluso a mumzinda nasowa pokumanira. Chonsecho maholo ambiri a maparishi amakhala otseka pakati pa sabata, mipando ili chisanjikire, ana a pafupi akusewera m'ngalande kunja kwa mpanda.