Ambuye Anandibwezera Dzanja Langa

Ndikufuna kuchitira umboni zabwino zimene Mulungu wandichitira kudzera m'kanthu kamene ambiri sitikawerengera, mausi ya kompyuta.

Ntchito yanga ndi yotayipira anthu makalata, kukonza makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Chakudya cha pakhomo panga ndi fizi ya ana zimachokera m'dzanja langa lamanja. Choncho pamene chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati zinayamba kuchita dzanzi, mantha anandigwira. Ululu unkandidzutsa usiku, ndipo ntchito za makasitomala zinayamba kuunjikana. Ndinagwada n'kulira kwa Atate kuti dzanja limene anandipatsa asalole kuti lifote ana anga akadali aang'ono.

Yankho linadzera mwa mayi wina wa m'kwaya yathu amene amagwira ntchito ya mafizo. Ataona momwe ndinkagwedezera dzanja pa mapemphero, anandifunsa chimene chikuvuta. Anandifotokozera kuti polumikizira dzanja ndi mkono pali kanjira kopapatiza kodutsa mtsempha wopita ku zala zimenezi, ndipo ukapanikizika m'pamene dzanzi limayamba; madokotala amati carpal tunnel syndrome. Anandilimbikitsa kukapimitsa kuchipatala, komwe anandipatsa chomangira dzanja pogona. Kenaka mayiwo anafika ku ofesi kwanga, ndipo maso awo anagwera pa kamausi kanga kakang'ono, kaphwatalala, kamene ndinkakagwira ndi nsonga za zala tsiku lonse.

Zimene anandiphunzitsa ndikugawana nanu mwaulere, monga ndinazilandirira. Mausi iyenera kulingana ndi dzanja la mwini wake: chikhatho chikhazikike pamsana pake, zala zifike pa mabatani popanda kuzipinda kapena kuzitambasula mokakamiza. Batani lolimba limatopetsa chala, choncho musanalipire igwireni ndi kuidina kangapo. Pali mausi yoimirira, imene dzanja limaigwira chammbali ngati mukupatsa munthu moni, kotero mkono sukhala wopotoka. Kampani ya Logitech inatulutsa yotere mu 2018, yotchedwa MX Vertical, yopendekeka madigiri 57, ndipo mu 2022 inatulutsa Lift ya anthu a manja ocheperapo, imene ilinso ndi ya amanzere. Zilipo zina za makampani ena zotsika mtengo zopangidwa mofananamo.

Mayiwo anandionetsanso za DPI: nambala yake ikakwera, kamuvi ka pa sikirini kamayenda mtunda wautali dzanja litangosuntha pang'ono. Mausi ya waya sifuna batire, pamene ya Bluetooth imasiya malo a USB a laputopu kuti mulowetsepo fulashi kapena pulinta. Koma anandichenjeza kuti mausi payokha si mankhwala. Chigongono chikhale pafupi ndi thupi, phewa lisakwezeke, ndipo dzanja lizipumulitsidwa pafupipafupi.

Ndalama yogulira ndinalibe. Apa m'pamene ndinaona kuti Mulungu akayamba ntchito saisiyira panjira. Banja lina linandipatsa ntchito ya makhadi a ukwati n'kulipiriratu zonse, ndipo nditapereka chakhumi, yotsalayo inakwanira mausi yoimirira. Poyamba inkandisowetsa mtendere chifukwa dzanja linazolowera yakale, koma pang'onopang'ono dzanzi linayamba kuchepa. Lero ndimagona mpaka kucha, ndipo ntchito ndimaimaliza pa nthawi yake. Aleluya!

Ndikaganiza kuti mausi yoyamba, ya Douglas Engelbart, inali kabokosi kathabwa, ndi kuti anaonetsa mausi kwa anthu ku San Francisco mu 1968, ndimatamanda Mwini nzeru zonse. Iye ndiye amapatsa anthu luso, m'badwo ndi m'badwo, mpaka chipangizo chifike poteteza dzanja la munthu wamba ngati ine. Machiritso anga anadzera m'pemphero, m'chipatala, mwa mayi wa m'kwaya ndi m'sitolo, ndipo monsemo munali dzanja la Mulungu.

Inu a m'maofesi, ophunzira ndi alembi a mipingo, thupi ili tinachita kubwerekedwa, tilisamale. Mukamva dzanzi kapena ululu musazengereze. Pempherani, pitani kuchipatala, ndipo yang'anani chimene dzanja lanu limagwira tsiku lonse. Mundipempherere kuti manja awa atumikire Ambuye mokhulupirika masiku onse a moyo wanga. Ulemu ndi ulemerero zipite kwa Iye yekha. Ameni.