Khola lopanda mbuzi

Usiku woti mawa lake ndinyamuka kupita ku sekondale, amayi adandituma kukatseka khola. Ndidapita monga mwa masiku onse, koma m'kholamo ndidangopezamo kamwana ka mbuzi kamodzi kakulira pakona. Mbuzi ziwiri zazikazi zinali zitapita kumsika dzana lake. Amayi ankadziwa bwino lomwe kuti ntchitoyo akadatha kuigwira mng'ono wanga. Adatuma ine kuti ndione ndi maso anga komwe fizi idachokera.

Pobwerera ndidapeza mphasa itayalidwa, koloboyi akuyaka pakati, amalume atakhala pa mpando wa ndalema, agogo aakazi atatsamira khoma. Bambo analipo, koma nkhani sadaitsogolere ndi iwo. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume, amene ena amati atsibweni. Pa nkhani ikuluikulu ya mwana, kaya ndi ya ukwati, ya mlandu kapena ya ulendo wautali, mawu oyamba amakhala awo. Ine ndidakhala pansi, miyendo chopinda, maso pamphasa.

Anthu ambiri masiku ano amasokoneza malangizo ndi chidzudzulo. Chidzudzulo chimabwera madzi atatayika kale. Malangizo amatsogola, ndipo makolo athu ankawasungira nthawi imene munthu akuwoloka kuchoka pa msinkhu wina kupita pa wina: mtsikana akatha msinkhu anamkungwi amamulanga, akamalowa m'banja ankhoswe ndi ntchembere amalanga onse awiri, akaima koyamba amamuchitira chisamba. Sukulu itafika, nayo idalowa pa mndandanda wa madooko amenewa. Mwana amene akukagona kutali ndi kwawo kwa nthawi yoyamba sangangonyamuka ngati akupita kudambo. Ayenera kukhazikidwa pansi, amve mwambo.

Amalume sadayambe ndi mawu akuti ukalimbikire. Adayamba ndi funso.

"Mphwanga, khola waliona?"

"Ndaliona, malume."

"Nanga chigafa chija chili kuseli, ukudziwa kuti mayi ako adagonamo masiku angati?"

Apa adayamba kundiyendetsa m'chaka chonse cha fodya ngati kuti sindidakulire pomwepo. Adatchula nazale ya kudimba, imene imafesedwa dzuwa likuswa mtengo, amayi akuthirira ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. Adatchula kuokera mvula zoyamba zikagwa, kupalira, kubandira, kudula nsonga ndi kuchotsa mphukira mpaka manja ada ndi phula la fodya. Kenaka kuthyola masamba kuyambira m'munsi, kusoka, kuyanika pa mikangala, kudzuka pakati pa usiku pamene chinyontho chafewetsa masamba kuti asankhidwe osaphwanyika, kumanga timitolo, kudinda pa jeke, kusoka belo. Zonsezi zikatha, belo lija limakadikira kwa masabata pa mzere wa okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, mlimi osadziwa ngati ligulidwa pamtengo wabwino kapena libwezedwa. Ndipo miyezi imene ntchitoyi imafika pachimake, Januwale ndi Febuluwale, ndi yomweyo imene nkhokwe imakhala itapepuka, anthu akudya kamodzi patsiku.

Ndili mwana ndinkaona ngati uku n'kudandaula. Lero ndimaona nzeru yake. Ndalama ikafika m'manja mwa mwana imakhala pepala chabe, losanunkha thukuta, losaonetsa zikanga za m'manja. Wolangiza wanzeru amaibweza ndalamayo komwe idachokera, kuti mwana akamaitulutsa m'thumba aone mbuzi, aone msana wa mayi ake utawerama m'mizere. Mawu akuti ukalimbikire amalowa khutu ili n'kutulukira linali, koma kulira kwa kamwana ka mbuzi kaja ndidakumva zaka zinayi zonse, makamaka pa nthawi imene tulo tinkandigwira ndili ndi buku m'manja.

Miyambi idabwera pambuyo, ndipo sinali yambiri. Amalume adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Amene adamuonapo phwiti amadziwa kuti ndi kambalame kosadzaza ndi dzanja lomwe, pamene njiwa ndi mbalame yooneka, ya ulemu wake. Mwambiwu amauza mwana wosauka amene akukakhala kalasi imodzi ndi ana a m'tauni, ovala nsapato zonyezimira ndi olankhula Chingerezi chosakhumudwa, kuti kuchepa kwake kusamuchititse manyazi. Koma agogo adauthira mchere wina. Adati khama la phwiti si phuma ayi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali khama lina la moto wa mapesi, lolilima sabata yoyamba ya teremu n'kuzilala mwezi usanathe. Limene akulu amayamikira ndi la tsokonombwe, amene adatha mtunda n'kudumpha: pang'ono lero, pang'ono mawa, popanda womuombera m'manja.

Malangizo a paulendo sadayambe ndi sukulu. Agogo athu aamuna ankawalandira ponyamuka kupita ku Halale kapena ku migodi ya ku Joni, ena pansi, ena kudzera ku Wenela. Ulendowo unali ndi zoopsa zake. M'chaka cha 1974 ndege yobweza anthu ogwira ntchito m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda adaimitsa zolemba anthu ntchito za Wenela. Komatu chimene mudzi unkaopa kwambiri chinali kutchona. Mtchona ndi munthu wamoyo, wogwira ntchito, mwinanso wolemera, amene waiwala njira ya kwawo. N'chifukwa chake malangizo a khama ali ndi miyendo iwiri: ukagwire ntchito, ndiponso ukakumbuke kuno. Kwa makolo athu, kupambana kumene sikudafike pakhomo pa amene adakulera sikunkawerengedwa. Mpaka lero, mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Manchester akamaimbiridwa foni n'kufunsidwa za feteleza, ndi mwendo wachiwiri womwewo ukugunda pansi.

Pamenepa ndiyenera kunena chimene chimandiwawa. Pamphasa paja panali munthu wina amene sadatchulidwe. Achemwali anga, oyamba kubadwa, anali pakhomo la kukhitchini akukazinga mtedza wa kamba wanga. M'kalasi ankakhoza kuposa ine. Adalekeza Sitandade 8 chifukwa mbuzi sizikadakwanira ana awiri, ndipo pa nthawiyo palibe adaona chachilendo kuti wotsala akhale wamkazi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana adakhamukira m'makalasi mpaka ena kuphunzirira pansi pa mitengo, koma khomo la ku sekondale lidakhalabe lopapatiza ndi lolipira, ndipo pakhomo pamenepo mabanja ambiri ndi pamene ankasankha kuti uyu apite, uyu atsale. Amalume adawerenga mbuzi, adawerenga mabelo, koma zaka za achemwali anga sadaziwerenge. Mwambo umene umaphunzitsa mnyamata kuona thukuta la mayi ake uyeneranso kumuphunzitsa kuona mlongo wake amene wasiya cholembera kuti iye apitirize. Ndipo kudzimana koona kumachokera mumtima mwa mwini wake. Mwana wa zaka 14 amene sadafunsidwe n'komwe sitinganene kuti adadzipereka. Adaperekedwa. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza itayamba kuthetsa maukwati a ana n'kubwezera atsikana kusukulu, inkagwiritsa ntchito mphamvu ya mwambo womwewo, kuitana mafumu, makolo ndi ankhoswe, kuonetsa kuti mwambo ungathe kudziwongola wokha.

Palinso ngozi ina imene ndaiona mwa olangiza a masiku ano. Amatenga theka la chiphunzitso, lija la kuwerenga mbuzi, n'kulisandutsa ngongole. Mwana amanyamuka atasenza mudzi wonse pamutu, akudziwa kuti akalakwa mayeso a MSCE ndiye kuti wadya mbuzi za eni. Ena zotsatira zikatuluka moipa sabwereranso kumudzi. Amangozembera m'tauni chifukwa cha manyazi, n'kukhala matchona a mtundu watsopano. Koma si kulephera konse kumene kumabwera ndi ulesi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu ya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adasowa fizi. Khama linalipo, ndi lomwe lidamutengera ku kalaibulale kakang'ono ka m'deralo, kumene adaona chithunzi cha makina oyendera mphepo n'kupanga ake ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Pambuyo pake adakamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014. Koma m'midzi momwemo munali anzake akhama ngati iye amene mtolankhani sadawapeze, ndipo lero akupalasa kabaza kapena akugwira ganyu. Munthu amene angawaloze chala n'kunena kuti sadalimbikire sadziwa njala ya chaka chimenecho. Mvula ikakana, ngakhale amene adapalira kawiri amakolola mapesi, ndipo mlimi aliyense amadziwa zimenezi.

Akulu enieni amadziwa malire amenewa, n'chifukwa chake malangizo salankhula munthu mmodzi. Amalume atamaliza, ndidaomba m'manja n'kuthokoza, ndikuganiza kuti zatha. Agogo adandikodola kuti ndisendere pafupi. Adagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri, owuma ngati khungwa la mtengo.

"Mdzukulu wanga, wamva zimene anena amalume akozi, ndipo n'zoona. Koma umvenso izi. Zikakavuta kumeneko, usakagone m'misika. Mbuzi zimaswana. Iwe ndiwe mmodzi. Khomo ndi lomweli, ukabwere."

Mawu awiriwa, a amalume ndi a agogo, sakangana. Oyamba amamanga mwana m'chiuno kuti asafooke, achiwiri amamumasula pakhosi kuti apume. Nditalakwa masamu teremu yachiwiri, a amalume ndi amene adandidzutsa mbandakucha kukawerenga pansi pa getsi la pakhonde la kalasi, anzanga ali m'tulo. Koma a agogo ndi amene adandilimbitsa mtima kuti ndipite ndi lipoti loipalo kunyumba n'kulipereka m'manja mwa bambo osalibisa. Bambo adaliyang'ana nthawi yaitali, adalipinda, kenaka adandipatsa khasu, tidapita limodzi kudimba. Tsiku lonse sadanene kanthu za masamu.

Tsopano ine ndi amene ndimakhala pa mpando wa ndalema. Chaka chatha mwana wamkazi wa achemwali anga aja adasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo achemwaliwo adandiitana monga mwini mbumba. Ndidamuwerengera matumba a soya amene mayi ake adagulitsa, ndi ndalama za banki m'khonde zimene adabwereka. Kenaka ndidaitana mayi akewo kuti achoke kukhitchini adzakhale nafe pamphasa, ndipo ndidamufotokozera mwanayo, iwo akumva, chifukwa chimene amayi ake adalekezera Sitandade 8 ndi amene adapita m'malo mwawo. Achemwali adangoti, "Achimwene, zakale zimenezo," akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. M'mawa kutacha adasenza okha sutikesi ya mwana wawo mpaka pa siteji, monga momwe adasenzera yanga, ndipo minibasi itanyamuka adaimabe pomwepo mpaka fumbi lidatha.