Mwana wa ku Tsangano akaona nyanja yamchere

Nkhungu ikadali m'minda ya mbatatesi, koma m'mawa uno maganizo apite kwa ana a ku Tsangano ndi ku Furancungo amene akuphunzira kutali, ku Nampula.

Mabuku akawalemera, ena amalawirira Loweruka m'bandakucha kulowera ku chilumba cha Ilha de Moçambique, ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Mlatho wopapatiza wa makilomita oposa 3 ndiwo umawaolotsa. Kumeneko mwana wokulira m'chisanu amavula juzi, n'kuponda mchenga wofunda, n'kutunga madzi m'manja kuti alawe ngati alidi amchere. Zimenezi n'zosangalatsa kuziona.

Chilumbachi chinali likulu la dziko la Mozambique mpaka 1898, ndipo UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1991. Kuseri kwa linga la São Sebastião kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, komangidwa mu 1522.

Koma wophunzira wotopa safunikira kuloweza zaka. Amangokhala pamthunzi, kudya nsomba yokazinga, kuonerera ngalawa zamatanga ndi amayi achimakuwa odzola mussiro kumaso. Dzuwa likapendeka amafulumira kukakwera galimoto yobwerera, poti Lolemba kuli makalasi.