Kodi wopulumutsidwa angadandaule?

Pali funso limene madokotala sakhala ndi nthawi yoliyankha, pamene achibale amaliyankha msanga kwambiri: munthu amene walanditsidwa ku imfa, kodi ali ndi ufulu wodandaula ndi zimene kulanditsidwako kwamusiyira?

Ndikufunsa chifukwa ndine mmodzi wa anthu otero. Ndinabadwira mu komboni ya mgodi wa Trojan kuno ku Bindura, makolo anga ochokera ku Dedza. Zaka 6 zapitazo matumbo anga anapotana, ndipo anandichita opaleshoni usiku, n'kudulako mbali imene inali itafa kale. Akanachedwa, bwenzi ndili kumanda. Koma bala la m'kati likamapola, thupi limaluka timinofu ta zipsera timene timamata matumbo okhaokha, kapena kuwamatirira ku khoma la mimba. Zimachitikira anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse ong'ambidwa pamimba, ndipo ambiri sazimva n'komwe. Ine ndimazimva. Ndikawerama kapena ndikakhuta, zimakhala ngati wina wamanga chingwe m'kati ndipo akuchikoka. Kawirikawiri timinofuti sitioneka pa ekisileyi kapena sikani, ndipo kutidula ndi opaleshoni ina kungathe kubala tina.

"Achimwene, thokozani Mulungu kuti muli moyo," amatero mlongo wanga. Alamu nawo amawonjezera kuti walira mvula walira matope. Sakunama. Koma ndaona ntchito imene mawuwa amagwira: akangonenedwa, ine ndimatseka pakamwa, nkhani n'kupita ku mitengo ya feteleza.

Kutseka pakamwa kumeneku ndinakuona kale mwa bambo anga. Anthu a m'badwo wawo anabwera kuchokera ku Nyasaland, nyumba ili ya mgodi, madzi a mgodi, ndipo wodandaula ankakumbutsidwa kuti ndi mlendo. Eni dziko ankawatcha mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale amene Blantyre sanamuonepo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira konkuno anapezeka kuti si nzika, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013. Mu 2008 Trojan inaimitsa ntchito. M'zonsezi, langizo kunyumba linali limodzi: thokozani, musachite phokoso. Komanso pamgodi ululu umene umalembedwa m'buku ndi wooneka, monga chala choduka. Ululu wopanda chithunzi dzina lake ndi ulesi.

Ine ndimati kuthokoza kumene kumachokera mumtima n'kosiyana ndi kumene munthu amalamulidwa kuti akhale chete. Dokotala uja ndimamuthokoza chifukwa cha usiku umene uja, ndipo ndidzamuthokoza mpaka kufa. Koma iye sanagule pakamwa panga, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna kutero. Pajatu zipsera zimenezi ndizo zimatsekereza matumbo aang'ono kuposa chinthu china chilichonse mwa anthu amene anang'ambidwapo. Mimba ikatupa, munthu n'kumasanza, osachita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, imeneyo si nthawi yopirira, ndi nthawi yofuna galimoto. Munthu wophunzitsidwa kuti kudandaula n'kusayamika amafika kuchipatala mochedwa.

Komabe mlongo wanga ali ndi mfundo imene sanena poyera: kudandaula kumatopetsa nyumba. Mkazi wanga sanadwale, koma naye wagona tulo tochepa zaka 6. Ufulu wanga wonena ululu suchotsa ufulu wake wopuma. Tinagwirizana mawu atatu. Ndikati "zilipo", ndiye kuti ndi za masiku onse, asadzuke. Ndikati "zakula", amaphika phala lamadzimadzi ndi kundiikira botolo la madzi otentha pamimba, ine n'kumayenda pang'onopang'ono pabwalo. Mankhwala amphamvu opha ululu ndimawapewa chifukwa amaumitsa m'mimba. Liwu lachitatu ndi "tiyeni", ndipo talinena kawiri.

Chimene sitinachipezere mawu ndi kumaliro ku Chipadze, kumene amakubweretsera nsima yolimba ndi nyemba, zinthu zimene zingandigoneke masiku awiri. Kukana chakudya cha pamaliro anthu amakuona ngati kunyada. Ndimatema mbamu ziwiri, ndipo wina akafunsa kuti, "Bambo, simunachire kodi?" ndimayankha kuti ndinachira, koma zikupweteka. Ena amaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.