Kankhani Ngolo Yanu, Phwando Likudikira

Loweruka lililonse ndalama zimatuluka m'matumba mu Chipata muno. Ku Kalongwezi kuli ukwati, ku Kapata kuli kitchen party, ku Moth makolo aitana abale chifukwa mwana watsiriza maphunziro, ku David Kaunda Stadium kuli mpira. Paliponse pamene anthu asonkhana, sipapita nthawi mimba isanayambe kudandaula. Tsono ndikufunseni inu achinyamata ndi amayi a ku Nabvutika: anthu onsewa akudya za yani? Amene akuwadyetsayo alibe manja anayi ayi. Anangoyamba, basi.

M'mizinda ngati Johannesburg ndi London muli anthu amene bizinesi yawo ndi kangolo kokankha. Akaitanidwa ku phwando, amayala pathabwa loyera nyama zosiyanasiyana zodula mopyapyala, tchizi, zipatso ndi mtedza, alendo n'kumatola chimene mtima wafuna. Luso la nyamazo linakulira ku France, kumene ogulitsa nyama ankasunga nkhumba ndi mchere ndi utsi kusanabwere mafiriji. Nanga n'chachilendo chimenecho kwa ife? Agogo athu ankawamba nyama pamoto n'kuisunga miyezi. Chimene anzathuwo atiposa ndi kayalidwe ndi ukhondo. Zimenezi sizigulidwa kunja, zimaphunziridwa.

Taonani zimene dziko la kum'mawa kuno lili nazo. Mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zachikuda zili m'midzi yotizungulira. Mtedza wa Chalimbana ndi wathu. Tomato, anyezi, nkhaka ndi tsabola zadzaza ku Saturday Market ndi ku msika wa Kapata. Ndiye lingalirani thabwa lanu: pakati michopo ya mbuzi yotentha, mafuta akuchita kunyezimira, mbali iyi soseji yodula tizidutswa tolowa kamodzi m'kamwa, chilichonse chobayidwa kamtengo kake, mbali iyo chikanda chocheka bwino, pambali pake mtedza wokazinga wamchere, m'mphepete chinangwa chofewa, magawo a mango m'nyengo yake, ndi kambale ka tsabola wa kambuzi wosinja ndi mandimu. Mlendo akafika pamenepo amayamba watulutsa foni kujambula asanatole kanthu. Chithunzi chimenecho chikayenda pa WhatsApp, malonda anu alengezedwa popanda kulipira ngakhale ngwee imodzi.

Mukuti mulibe shopu? Ubwino wa ngolo ndi womwewo. Lendi ya shopu imawerengedwa ngakhale tsiku lopanda wogula, pamene ngolo imapita kumene anthu ali kale. Chipata ndi mzinda wa njinga, ndipo owotcherera zitsulo ali m'komboni momwemo. Mawilo awiri olimba a njinga, chitsulo chopirira miyala ndi matope a misewu yathu, mbaula mbali imodzi, bokosi la ayezi pansi, ambulera pamwamba, galasi lotchinga fumbi ndi ntchentche, ndowa yokhala ndi kampopi ndi sopo: ngolo yatha. Ngati ndalama ya ngoloyo sinakwane, yambani ndi tebulo lopinda ndi njinga yobwereka. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Za mpamba tisanamizane, ndalama imafunika. Koma njira zilipo. Chilimba chimene mumagulira chitenje chingagulenso mbaula. Gulu la village banking lingakubwerekeni ya katundu woyamba. Ndipo lamulo lalikulu la ntchito ya maphwando nali: mwini phwando apereke theka la ndalama musanagule nyama. Mukatero, ndalama yake ndiyo ikuguliraniko katundu. Kulinso CDF, ndalama ya chitukuko imene boma linakweza mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, ndipo gawo lake ndi la ngongole ndi thandizo kwa achinyamata ndi amayi. Mafomu amadzera ku Ward Development Committee, ndipo amafuna gulu kapena bizinesi yolembetsedwa. Lembetsani dzina la bizinesi yanu ku PACRA, pemphani. Koma musakhale pakhonde n'kumadikira yankho. Amene wayamba kale ndi kabuku ka malonda m'manja amamveka msanga kuposa amene wabwera ndi maloto okhaokha.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene bizinesi ya nyama imaimirira kapena kugwa. Tonse tikukumbukira kolera imene inabuka mu Okutobala 2023, mpaka National Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulira mu 2024. Kuyambira pamenepo anthu amayang'ana manja a wogulitsa asanayang'ane mtengo. Pitani ku khonsolo ya mzinda mukatenge chilolezo, mukapimidwe kuti mukhale ndi satifiketi ya ogwira zakudya. Gulani nyama yokhayo imene yapimidwa. Nkhumba ya masese, ya timatuza toyera m'minofu tija, imapatsa munthu njoka za m'mimba, ndipo mazira a njokazo akalowa m'thupi amatha kufika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi nkhumba yotchipa imene yafa yokha ndi chigodola, m'thokozeni n'kupitiriza ulendo. Phwando limodzi lotsegula alendo m'mimba limakwirira dzina lanu mpaka kalekale.

Musadalire firiji. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ambiri anataya ndiwo. Gulani molingana ndi oda, sungani nyama yaiwisi pa ayezi, ipse mpaka m'kati, ndipo yotsala isadzaonekenso pathabwa mawa lake. Kumbukiraninso kuti mu Chipata muli Asilamu ambiri ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene sadya nkhumba. Funsani mwini phwando kuti alendo ake ndi otani. Mpeni, thabwa ndi waya wowotchera za nkhumba zikhale pazokha, ndipo kwa Asilamu nyama ikhale ya halaal. Ulemu umenewu udzakutsegulirani makomo amene anzanu sawadziwa n'komwe.

Chaka chili ndi misika yake, muidziwe. Loweruka lomaliza la Febuluwale khamu limakhamukira ku Mtenguleni ku Nc'wala ya Angoni a Mpezeni. Anthu akakolola n'kugulitsa soya, mtedza, thonje ndi fodya, maukwati amachuluka. Kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika ku Katete pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kukubwera 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa dziko lathu, kenako Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Miyezi ya mvula malonda akazirala, gogodani m'maofesi ndi m'malo ochitira misonkhano, kumene amafuna timbale ting'onoting'ono ta nthawi yopuma. Wokonzekera Kulamba amayamba kusunga mu Juni, sadzidzimuka Lachisanu usiku.

Ndipo werengerani. Makala, mafuta, mchere, ayezi, timitengo tobayira, ya mayendedwe, ngakhale thukuta lanu, zonse zilowe mu mtengo wa mbale. Ambiri amagwa osati chifukwa chosowa ogula, koma chifukwa chodya mpamba poganiza kuti ndi phindu. Amalume akabwera kuti "tilaweko, mphwanga", apatseni kachidutswa kamodzi mwaulemu, kachiwiri alipire. Ndalama ya bizinesi ikhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena MTN MoMo, isasakanikirane ndi ya ndiwo za kunyumba. Mukalonjeza kufika 12 koloko, 11 koloko ikupezeni mwayatsa kale moto, epuloni yoyera, tsitsi lofundidwa. Mu mzinda uno mbiri ya munthu wosunga nthawi imathamanga kuposa njinga yamoto.

Adzakusekani, inde. Adzati mwana wa sukulu yonseyi n'kumakankha ngolo? Sekani nawo pang'ono, kenako kankhani. Manyazi sanalipirepo lendi ya munthu. Ena adzakuuzani kuti anthu a maphwando apamwamba sangaitane wa m'komboni. Pamene mlendo akutafuna mbuzi yofewa yokoma tsabola, safunsa kuti wowotcha amagona kuti. Amafunsa nambala ya foni.

Choncho sabata ino isapite pachabe. Lolemba pitani kwa wowotcherera zitsulo mukamve mtengo. Lachiwiri mukafunse ku khonsolo zimene zimafunika. Lachitatu yalani thabwa limodzi kunyumba, itanani anansi asanu olankhula mosabisa, alawe, akuuzeni pamene mchere wachepa. Jambulani, tumizani kwa aliyense amene ali m'foni mwanu, ndipo uzani amayi a kumpingo kuti pa ukwati ukubwerawo za nyama azisiye m'manja mwanu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Dzukani, a Nabvutika, kolezani makalawo!