Kodi Munthu Mmodzi Angatayitse Chikho?

MU November 2011, anthu a ku Zvishavane, tauni ya migodi ya m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, anadzaza bwalo la maseŵera la Mandava mitima ili m'mwamba. Timu yawo ya mpira wachitanyu, FC Platinum, inali itangoloŵa kumene m'ligi yaikulu ya dzikolo chaka chomwecho, komabe inali patsogolo pa matimu onse nyengo ya maseŵera itatsala pang'ono kutha. Patsikulo inali kulimbana ndi Dynamos ya ku Harare, imene inali kuilondola pafupi kwambiri. Chigoli chinaloŵa chimodzi chokha, ndipo amene anachiloŵetsa sanali wa Dynamos. Daniel Veremu, woseŵera kumbuyo wa FC Platinum, anagoletsa mwangozi m'golo la timu yake yomwe.

Nyengoyo itatha, matimu aŵiriwo anali ndi mapointi ofanana, 58 iliyonse. Malinga ndi lamulo la ligiyo, anaŵerengera zigoli zimene timu iliyonse inagoletsa ndi zimene inagoletsedwa, ndipo chikho chinapita ku Harare. Chiyambire pamenepo, nyengo ya 2011 ikatchulidwa, chigoli chimenecho sichichedwa kutchulidwa nacho. Koma kodi nkoyenera kunena kuti munthu mmodzi ndiye anatayitsa chikhocho? Funsoli lingaoneke ngati la ochemerera mpira okha. Komabe, limakhudza mmene munthu aliyense amaweruzira mnansi wake zinthu zikalakwika.

Nkhani za Ochemerera

M'matauni a migodi a ku Midlands, timu ya mpira kaŵirikaŵiri yakhala ngati mwana wa kampani. Ku Redcliff kunali Ziscosteel, ku Kwekwe kunali Lancashire Steel, ndipo ku Zvishavane komweko mgodi wa asbestos unalera timu ya Shabanie Mine, ya pabwalo la Maglas. FC Platinum inachokera ku mgodi wa Mimosa, ndipo poyamba inali kudziŵika ndi dzina la mgodiwo. M'makomboni a matauni ameneŵa muli ana ndi adzukulu ambiri a amuna amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete, ndi kummaŵa kwa Northern Rhodesia kudzafuna ntchito, ena a iwo nkutchona. Chotero mkangano wa mpira wa kumeneko ungayambe m'Chishona nkuthera m'Chicheŵa. Ndiponso aphunzitsi a matimu aŵiri aja ngodziŵika bwino ku Malaŵi. Rahman Gumbo wa FC Platinum anali atatengapo chikho cha ligi ndi Wanderers ya ku Blantyre mu 2006, ndipo Kalisto Pasuwa wa Dynamos anadzaphunzitsa Big Bullets kuyambira mu 2018.

Kukambitsirana za mpira sikuli koipa mwa iko kokha. Mwamuna amene watha tsiku lonse pansi pa nthaka amatsitsimulidwa kukhala ndi anzake naŵerengera kuti, ‘Tikapambana Loŵeruka, iwo nkulepherana Lamlungu, ndiye kuti zathu zayera.’ Nkhalamba ndi mnyamata amene alibe chocheza china amapeza chowakhazika pabenchi imodzi. Mpikisano ukakhala wapafupi, chisangalalocho chimakula, pakuti ngakhale maseŵera a matimu akutali amakhala ndi tanthauzo.

Komano talingalirani mmene mawu amasinthira zinthu zikavuta. Tayerekezerani kuti mnyamata wina akuchokera kubwalo la maseŵera ndi amalume ake, timu yawo itagonja pampikisano wofunika. Mlungu wathawo mnyamatayo anali kunena kuti, “Tapambana.” Lero akuti: “Amalume, munthu uja watipha.” Nkhalambayo ikumfunsa kuti: “Kodi mphwanga, popambana munali nonse, nanga pogonja watsala yekha bwanji?” Mnyamatayo alibe yankho, komanso sakusintha maganizo. Kupweteka kwa mtima kumafuna nkhope yoti kuiloze. Nkovuta kukwiyira miyezi isanu ndi itatu ya maseŵera, koma nkosavuta kukwiyira munthu wokhala ndi dzina ndi nambala kumsana.

Kodi Ziŵerengero Zimasonyezanji?

Mu 2011 timu iliyonse ya m'ligiyo inaseŵera maseŵera 30. Popeza kupambana kumapatsa mapointi atatu, timu ikanatha kupeza mapointi 90. FC Platinum inapeza 58. Zimenezi zikutanthauza kuti inataya mapointi 32, ndipo atatu okha mwa ameneŵa ndiwo anatayika patsiku lija pa Mandava. Nanga 29 enawo anapita kuti? Anatayika pang'onopang'ono kuyambira kuchiyambi kwa chaka, m'maseŵera amene lerolino oŵerengeka okha ndiwo angawakumbukire. Pointi imodzi yokha mwa ameneŵa ikanakhala yokwanira kubweretsa chikho ku Zvishavane. Munalinso m'chaka chomwecho mmene timuyo inataya mphunzitsi wake woyamba, Benjamin Moyo, amene anamwalira mwadzidzidzi ku Shurugwi nyengoyo ili mkati.

Zoonadi, maseŵera a pa Mandava anali olemera kuposa ena, chifukwa chakuti mapointi amene FC Platinum inataya ndiwo amene mdani wake anatola. Palibe chifukwa chokanira zimenezo. Koma ngakhale patsikulo, oseŵera akutsogolo anali ndi mphindi 90 zakuti agoletse, ndipo sanatero. Mpira umene waphonya golo suloŵa m'buku lililonse, pamene woloŵa m'golo lolakwika umalembedwa ndi dzina la munthu pambali pake.

Chizoloŵezi chimenechi nchakale, ndipo sichili cha mpira wachitanyu wokha. Ku United States anthu amakonda baseball, maseŵera amene munthu amamenya kampira ndi chibonga ndiyeno nkuthamanga kuponda malo anayi motsatizana. Mu 1908, matimu a New York Giants ndi Chicago Cubs anali kulimbirana malo oyamba. Pa September 23, mnzake atamenya mpira umene unaoneka kuti wapambanitsa Giants, mnyamata wazaka 19 wotchedwa Fred Merkle anathamangira kuchipinda chovalira osaponda malo achiŵiri, pakuti khamu la anthu linali kukhamukira m'bwalo. Oseŵera ambiri panthaŵiyo anali kuchita zimenezo popanda wowaimba mlandu. Koma a Cubs anadandaula, kupambanako kunafafanizidwa, ndipo matimuwo anamaliza nyengoyo ali ofanana. Pamaseŵera obwereza a pa October 8, Cubs inapambana 4 kwa 2. Timu ya Giants inali itagonja m'maseŵera ena angapo pakati pa masiku aŵiriwo, ndipo woyang'anira wake, John McGraw, sanaimbe mlandu mnyamatayo. Chikhalirechobe, manyuzipepala ndi ochemerera anampatsa dzina lachipongwe limene linamkakamira kwa moyo wake wonse.

Tsoka Silili Liwongo

Pamenepa mpofunika kusiyanitsa zinthu zimene mkwiyo umaziphatikiza. Pali munthu amene amalakwa dala. Mu 1919, oseŵera ena a Chicago White Sox anagwirizana ndi otchova juga kuti agonje pampikisano waukulu wa chakacho, ndipo asanu ndi atatu analetsedwa kuseŵera kwa moyo wonse. Ameneyo ndiye mlandu weniweni, pakuti unayambira mumtima. Palinso wonyalanyaza, monga woseŵera amene amachezera kumoŵa usiku woti maŵa kuli maseŵera. Iyenso ali ndi choyankha. Koma woseŵera kumbuyo amene ali pamalo ake, mpira nkubwera mwaliŵiro iye ali ndi kamphindi chabe kosankha chochita, ali m'gulu lina. Iye amakhala pafupi ndi golo lake chifukwa chakuti ndiyo ntchito yake. Amene amaopa kuponyapo mwendo sadzigoletsa konse, koma kodi ndiye amene timu imamfuna?

Mu 1976, anthanthi aŵiri, Bernard Williams wa ku Britain ndi Thomas Nagel wa ku United States, anapenda vuto limeneli. Anasonyeza kuti ngakhale kuti anthu amavomereza kuti munthu ayenera kuweruzidwa pa zimene akhoza kuzilamulira, m'chenicheni amamweruza pa zotulukapo zake. Talingalirani oyendetsa galimoto aŵiri amene onse sanapimitse mabuleki. Wina akufika kwawo bwinobwino. Winayo akukumana ndi mwana wodutsa msewu. Kunyalanyaza kwawo nkofanana ndendende, komabe mmodzi yekha ndiye adzatchedwa wambanda. Mofananamo, chigoli chodzigoletsa cha mu April, timu itapambana kale 3 kwa 0, anthu amachiseka nkuchiiŵala. Cha mu November chimakumbukiridwa zaka zambiri. Kachitidwe ka mwendo nkamodzimodzi. Chimene chasintha ndicho tsiku la pakalendala, ndipo woseŵerayo sanalisankhe.

Anthu a m'migodi amadziŵa bwino mfundo imeneyi pantchito yawo. Miyala itaphulitsidwa, pamakhala munthu amene amayamba kuloŵa ndi chitsulo chachitali nagogoda denga kuti amve ngati thanthwe lalekana. Denga likagwa, wofufuza wanzeru samangofunsa kuti anali pansi pake ndani. Amafunsa ngati linagogodedwa, ngati mizati yochirikiza inaikidwa, ngati kapitawo anauzidwa za mng'alu, ndiponso ngati anthu anafulumizidwa kuloŵa. Wogwira ntchito mumgodi aliyense angaipidwe kuona mnzake akuimbidwa mlandu kokha chifukwa chakuti ndiye anali womalizira kukhudza mwalawo. Nzodabwitsa kuti munthu mmodzimodziyo, atavula chisoti chake nakhala pabwalo la maseŵera, angaiŵale zonsezi m'kamphindi.

Pamene Mawu Afika Patali

Wina anganene kuti: ‘Zimenezi nzocheza chabe. Ndani amavulala ndi nkhani za pabawo?’ Nthaŵi zambiri palibe. Koma pa June 22, 1994, pampikisano wa World Cup, Andrés Escobar wa ku Colombia anadzigoletsa poseŵera ndi United States, ndipo timu yake inagonja 2 kwa 1. Inali itagonja kale 3 kwa 1 kwa Romania. Masiku khumi pambuyo pake, Escobar anawomberedwa ndi mfuti mumzinda wa Medellín ndi kufa ali ndi zaka 27, pambuyo pokangana ndi anthu amene anali kumnyoza kaamba ka chigolicho. Ku Brazil, goloboyi Moacir Barbosa anaimbidwa mlandu wa chigoli chimene chinapatsa Uruguay chikho cha dziko lonse pa July 16, 1950. Dziko lake linatenga chikhocho kanayi iye akali moyo, komabe chitonzocho anafa nacho mu 2000.

Zoterozo nzosachitikachitika. Chofala ndicho chinthu chaching'ono koma chopweteka. M'tauni yaing'ono, woseŵera mpira amagula m'sitolo imodzimodziyo ndi omchemerera, ndipo ana ake amaphunzira ndi ana awo. Mawu onenedwa moseka pabenchi amakafika pabwalo la sukulu. Oipitsitsa ndiwo mawu akuti ‘anagulitsa,’ amene amatuluka mosavuta mpikisano uliwonse ukafika pothina. Wowanenayo amasandutsa ngozi kukhala chinyengo popanda umboni, ndipo maŵa lake amakhala ataiŵala kuti ananena. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Kodi Ndiye Kuti Palibe Woyenera Kudandaula?

Ayi. Wochemerera amene walipira pachipata ndi ndalama za thukuta lake ali ndi ufulu wonena kuti timu yaseŵera moipa, kuti mphunzitsi anasankha molakwa, kapena kuti wakutiwakuti sanali bwino lero. Kupenda kaseŵeredwe ndiko mbali ya kukoma kwa maseŵerawo. Malire amadumphidwa pamene chiweruzo chichoka pa zimene munthu anachita nkupita pa chimene munthuyo ali.

Ndiponso woseŵera mwiniyo sangayembekezeredwe kusamva kanthu. Williams anapereka chitsanzo cha woyendetsa lole amene wagunda mwana popanda kulakwa kulikonse. Anthu amamtonthoza kuti si mlandu wake, ndipo amanena zoona. Komabe, iye atangovomereza mwamsanga nkuyamba kuimba mluzu, anthu omwewo angamkayikire. Chisoni chakuti ‘zinachitika kupyolera mwa ine’ nchoyenera, ndipo chimasonyeza kuti munthuyo anali kusamala. Koma chisoni chimenecho nchake. Sichipatsa oonerera chilolezo chomuwonjezera katundu, monga ngati kuti kuŵerama kwake ndiko kuvomera mlandu.

Pali funso lina lovutirapo, lonena za nthaŵi imene ochemerera amakhululuka. FC Platinum inadzatenga chikho cha ligi mu 2017 pansi pa Norman Mapeza, nikhala timu yoyamba ya kunja kwa Harare ndi Bulawayo kuchita zimenezo chiyambire 1966. Inachitenganso mu 2018, ndiyeno mu 2019 inachiteteza patsiku lomaliza mwa kugonjetsa CAPS United ku Harare ndi chigoli chimodzi chokha. Nkosavuta tsopano kusimba za 2011 mopanda mkwiyo. Koma ngati chiweruzocho chinali cholakwika, chinali cholakwika kuyambira madzulo a tsiku lomwelo pa Mandava, zikho zisanabwere. Kukhululuka kumene kumayembekezera kuti timu iyambe yapambana nakonso kwadalira mwaŵi, ndipo nthaŵi zina kumachedwa kwambiri. Fred Merkle anatalikirana ndi maseŵera a m'ligi yaikulu kwa zaka zambiri atapuma. Mu 1950 anavomera kupita kubwalo la Polo Grounds ku New York pamwambo wa oseŵera akale, ndipo khamu linamuombera m'manja mwamphamvu. Panali patapita zaka 42, ndipo iye anali ndi zaka 61.