Ukayenda siya phazi

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Nanga amene wapuma pantchito n'kugula kamera ndi kope, woti kulikonse wapita azisiyako mlomo wake papepala, atani? Alipo anzathu otere masiku ano. Penshoni akuigawa pawiri, ina ya feteleza, ina yokwerera sitima ya Ilala kukaona dziko lomwe adaligwirira ntchito moyo wonse ali chikhalire muofesi.

Ine ndimati apite ndithu. Wachinyamata akamakwera ku Monkey Bay amakhala akuwerenga kale masiku a tchuthi, pomwe nkhalamba ilibe bwana woidikira Lolemba. Sitimayo idayamba kuyenda panyanja mu 1951, ndi mnzathu wamsinkhu umodzi, ndipo sithamangira munthu. Ikaima ku Chizumulu kapena ku Ruarwe, komwe kulibe doko, timaboti ndi timene timatuta anthu, matumba a ufa, malata ndi madengu a usipa. Wapaphuma amajambula kamodzi n'kukwera pamwamba kukamwa chozizira. Wodekha amaona mayi akukwinya chitenje asanatsikire m'madzi, khanda likudutsa m'manja mwa anthu osalidziwa mpaka litafika pamchenga osanyowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma chimene chimandiwawa chili pazithunzi zakale za mishoni. Tchalitchi cha St Peter's pa Likoma adayamba kuchimanga mu 1903. Ku Livingstonia, komwe Robert Laws adasamutsira mishoni mu 1894, msewu wa Gorodi umakwera kuchokera ku Chitimba mokhotakhota, ndipo adaukumba ndi manja a anthu. Pansi pa zithunzi zambiri za nthawi imeneyo mzungu ali ndi dzina lake lonse, pomwe osenza miyala aima pambali pake opanda dzina, chonsecho anali agogo a winawake. Tsono ife amene chilankhulo tikuchimva, ndipo imvi zimatitsegulira pakhomo pa amfumu, tikachitenso zomwezo? Ukajambula msodzi akusoka chilimira, khala pansi, umpatse moni, umfunse dzina, mfunda ndi mudzi, ulembe pomwepo. Ukafika kwanu tsukitsa chithunzicho, chimodzi umtumizire mwini nkhope. Za mufoni zimapita ndi foniyo tsiku lomwe yagwera m'madzi.

Kufunsako kuyambe chala chisanadinde. Safunsa adadya phula. Ku Chongoni, m'mapiri a Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala omwe UNESCO idawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambulazo n'zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo eni ake akadali moyo m'midzi yozungulira. Akakuuza kuti ichi ona ndi maso okha, kamera ibwerere m'chikwama. Akakunong'oneza kanthu, si kuti akutuma ukakasindikize. Kwa eni kulibe mkuwe, ngakhale utakhala kuti udali mkulu wa ofesi ku Capital Hill.

Za mawondo tisanamizane. Nsonga ya phiri ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo walira mvula walira matope. Kumeneko titumeko adzukulu ndi mafoni awo. Ife tikatsikire pa Likhubula, tikacheze ndi anyamata onyamulira alendo katundu, poti amene akudziwa kumene mikungudza idathera ndi iwowo, ndipo alendo ambiri amangowafunsa mtengo wa ulendo.